Msoko wa pa Mtsinje wa Platte

Kapu ya khofi ndaiika pa thabwa
koma khofiyo sakukhala phee.
Akuchita timizere tozungulira
lole iliyonse ikadutsa kuseri kwa mpanda.

Mlatho uwu tikuumanga theka-theka.
Theka la kumpoto tinamaliza mu Juni,
magalimoto n'kusamukira komweko,
ife n'kugumula la kumwera, n'kuyambanso.
Tsopano pakati patsala mpata,
m'litali kuchoka tsidya lino kukafika tsidya lija,
m'lifupi woti mwana atha kulumpha.
Usiku uno tikuusoka.

Zitsulo za uku zalowa pakati pa zitsulo za uko
ngati zala za munthu wopemphera.
Koma dzanja limodzi lili duu,
linalo likunjenjemera,
poti lasenza ng'ombe za ku Ogallala,
chimanga cha Nebraska yense,
ndi munthu wina amene wachedwa kwawo.

Mayi Dvorak, injiniya wathu,
anapempha maola khumi ndi awiri okha:
tsekani msewu, konkire agone.
Anawayankha kuti ino ndi nyengo yokolola,
njira yolambalala ndi mamailosi makumi anayi.
Anawapatsa zikwangwani zochepetsa liwiro
ndi wapolisi mmodzi
amene pano akuodzera m'galimoto, nyali zikuphethira.

Pali maola ena, atatu kapena anayi,
pamene konkire salinso phala
koma sanakhale mwala.
Apo m'pamene amagwira chitsulo.
Chitsulocho chikamakwera, kutsika, kukwera,
chimadzikumbira kanyumba,
monga mzati wogwedezedwa m'dothi lonyowa.
Kampata koti tsitsi silingalowe.
Madzi a mchere a mu Januwale, amenewo adzalowa,
dzimbiri n'kubwera pambuyo, osafulumira.

Leobardo wagwada, chikhatho pa chitsulo, maso otseka.
Iyi yadzaza, akutero. Iyi ilibe kanthu.
Iyi dalaivala wake sanawerenge chikwangwani.
Sanalakwepo n'kamodzi komwe.

Ndafunsa Mayi Dvorak ngati zigwirana.
Akuti anayesa kusukulu, pa makina ogwedeza,
ndipo nthawi zambiri zinkagwirana bwinobwino,
konkire akakhala wosachuluka madzi.
Nthawi zambiri, abwereza,
akuyang'ana kawayilesi kawo kolemba kunjenjemera,
mzere wake ukudumpha ngati mtima wa wodwala.

Ine za nthawi zambirizo ndimazidziwa.
Mkono uwu unathyoka ku Kearney zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.
Dokotala anati masabata asanu ndi limodzi,
mwini nyumba anati tsiku loyamba la mwezi.
Ndinabwerera pa ntchito sabata yachitatu.
Fupa linagwirana, inde,
ndi lomweli likusalaza konkireyu,
koma chisanu chikamabwera
limandiuza wailesi isananene.

Ndiye ndikusalaza pang'onopang'ono, chafutambuyo,
mawondo pa thabwa,
ndipo pansi panga mlatho ukupuma
mpweya wa anthu ena.
Madzi ayandama pamwamba, akunyezimira,
mwezi uli momwemo, wosweka-sweka.

Itakwana faifi tafunditsa msoko wonse masaka onyowa.
Leobardo walemba dzina la mwana wake ndi msomali
m'mphepete, pamene phula lidzakwirire.
Atsekwe akudutsa m'mwamba, akukangana.
Mayi Dvorak ati abweranso ndi nyundo pakatha masiku asanu ndi awiri,
adzagogode, amve ngati m'kati muli mphako.

Ndatsuka zida. Khofi wazizira, ndamutaya mu mtsinje.
Kwathu ndi kutsidya,
ndipo njira ndi imodzi.
Ndalowa pa mzere kumbuyo kwa lole ya nkhumba,
magiya otsika, phazi lopepuka,
ndikuyang'ana masaka aja kudzanja lamanzere.
Kagalimoto kanga n'kakang'ono.
Komabe ndamva mlatho ukuvomera pansi pa matayala,
ndipo ndagwira mpweya
mpaka kumapeto.